Fumbi la Nsangalabwi

Mabokosi anafika Lachiwiri, chisanu cha Juni chikuluma zala,
lole itaima mopingasa pa kamsewu ka ku Mayfair.
M'kati mwa udzu wouma munagona mizati inayi ndi kadenga,
zosemedwa kutsidya kwa nyanja yamchere.
A Doshi anavula nsapato asanazule ngakhale msomali umodzi.
Nanenso ndinavula, osadziwa chifukwa chake,
sokosi zobooka zikundiyalutsa.

Ine ndine Fatsileni wa ku Bembeke, wa matailosi,
zaka khumi ndi chimodzi ndikukwawa m'mabafa a anthu a Joni.
Koma mwala wopyapyala chonchi sindinaugwirepo:
duwa lozondoka la nsangalabwi,
ukaliloza kudzuwa kuwala kumadutsa
ngati pa khutu la khanda.

Nkhalambayo inasolola zithunzi zakale mu envulopu.
Uku ndi ku Ranakpur, inatero,
ndipo ndinaona nkhalango yoyera yopanda masamba,
mizati yoposa chikwi, uliwonse ndi mphini zakezake.
Uku ndi kuphiri la Abu. Agogo anga ankasimba
kuti amisiri kumeneko sankawerengeredwa masiku:
madzulo ankasesa fumbi lomwe apala,
n'kuliika pa sikelo.
Wopala mwala mpaka kuonekera, ndiye wolemera.

Sindinayankhe.
Agogo anga aamuna anabwera mumzinda uno pa Wenela,
anatsikira pansi pa misewu tikupondayi.
Fumbi lawo palibe analiyeza.
Analinyamulira kumudzi m'chifuwa,
n'kumalilavula pang'onopang'ono kuseri kwa khola
mpaka linatha, iwonso n'kutha.

Lachinayi, simenti nditakanda kale,
nyerere zinadula mzere pomwe payenera kuima mzati wachitatu.
Ndinatukula phazi.
Dikira, anatero a Doshi.
Anagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale,
kansalu kukamwa, kaburashi kaulusi m'dzanja,
n'kumazikankhira papepala imodziimodzi,
kupita nazo kumpanda, kubwerera, kupitanso.
Simenti ikuuma muwilibala,
ine mumtima ndikuwerenga marandi.
Panja matekisi akulalatirana, magetsi atazima kuyambira m'mawa.
Mumzinda momwe wapolisi amandikoka malaya pa Bree
kufuna pepala lotsimikiza kuti ndine munthu,
ndinaona nyerere ikupatsidwa njira,
yopanda pasipoti, yopanda dzina.

Tinaimika mzatiwo dzuwa litapendeka, matope atalimba theka.
Unapendama.
Pang'ono chabe, ngati kamtengo ka machesi,
koma levulo sinama, kadontho kanathawira kumanja.
Ndinaulula ndekha, chipewa chili m'manja.
Iwo anaseka mpaka kutsokomola:
Kwathunso amati pakati pa chikwi chija ulipo umodzi wokhota,
kuti mmisiri asadziyese mwini dziko.
Kaya n'zoona, kaya ankangondipukuta manyazi,
sindinafunse.

Loweruka anabweretsa mwini nyumba, atakulungidwa m'nsalu yoyera,
wamfupi ngati botolo la mkaka,
wokhala chopinda miyendo, manja pamiyendopo, maso ali gwa.
Sagwira mkondo, salonjeza mvula,
sapempha mbuzi kapena chakhumi.
Angokhala phee, ngati munthu amene ngongole zake zonse zinatha.
Amayi a m'nyumbamo anayala mpunga patebulo, kujambula ndi chala,
fungo la sandalo likukwera m'maluwa amwala.
Kachisi yense ndi wochepa kuposa garaja,
koma ukagona chagada n'kuyang'ana kadengako
umamva chizungulire cha kumwamba.

Pomwe ndinapala tsinde la mzati kuti likhale bwino
panatsala kamulu koyera ngati ufa wa mwana wosewera masanje.
Ndinakasesera m'kabokosi ka machesi.
Kali pawindo la chipinda changa ku Rosettenville,
pafupi ndi chiphaso chotha ntchito.
Kulemera kwake sikukwana ngakhale ndalama yachitsulo.
Disembala ndidzakwera nako basi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Dedza,
ndikakathire pamtumbira wa agogo,
ndikawauze kuti kwinakwake, kalekale,
amati kunali sikelo.